Ndasintha graphics card koma magemu ayamba kujama, thandizeni akuluakulu

Santhe_Gamer
Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo. Kompyuta yanga ndi ya purosesa ya Ryzen 5 3600 pa bodi (motherboard) ya B450. Nthawi yonseyi ndakhala ndikusewera ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini) ya GTX 1050 Ti ndi RAM ya 8GB, ndipo ngakhale inalibe mphamvu kwenikweni, gemu ya mpira ya FC 24 imayenda bwinobwino ndikatsitsa ma settings. Ndalama za soya wa chaka chino ndinazisunga, ndiye sabata yatha ndagula khadi ina ya RX 6600 ya second hand kwa munthu wina ku Lilongwe, komanso RAM ina ya 8GB kuti zikwane 16. Anandiikira ndi mnzanga wa pa boma. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zaipa kuposa kale. FPS (zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi) ikumayambira m'ma 70, mpira ukangoyandikira pagolo imagwa mpaka m'ma 30, chithunzi n'kuima kaye, kenako osewera n'kudumpha. Mu GTA V ndikamayenda wapansi zili bwino, koma ndikangokwera galimoto n'kuthamanga m'tauni ndi kujama kokhakokha. Wogulitsayo akuti kwake imagwira bwino ndipo ndalama sabweza. Kodi andigulitsa khadi yakufa?

Wimbe265
Musanathamangire kunena kuti yafa, suzumirani kumbuyo kwa kompyutayo. Chingwe cha HDMI chalowa pa khadi yatsopanoyo kapena pa bodi, pamwamba paja pafupi ndi ma USB? Ambiri amalira chonchi pomwe khadi yangokhala osagwira ntchito.

NkhamenyaTech
A Wimbe, funsolo ndi labwino koma pano silikugwira. Ryzen 5 3600 ilibe graphics yamkati. Akanabaya pa bodi, sikirini ikanangoti bii, ngakhale Windows sakanaiona. Zimenezo zimagwera omwe ali ndi 3200G, 5600G kapena ma Intel opanda F kumapeto.

A Santhe, ndiyankheni izi kaye. Madiraiva (mapulogalamu oyendetsa khadi) a NVIDIA a khadi yakale ija munawachotsa musanaike yatsopanoyi ya AMD? Power supply ndi ya mawatsi angati, ndipo ndi ya kampani yanji? Mukuonera pa monitor kapena pa TV?

Santhe_Gamer
Sitinachotse kalikonse achimwene, tinangozula yakaleyo n'kuika inayo, diraiva inalowa yokha nditayatsa intaneti. Power supply yalembedwa 500W koma dzina silikudziwika, inabwera pamodzi ndi bokosi. Monitor ndi ya 1080p, 75Hz.

Kamwendo_Games
Ine ndinena mosapsatira mphwanga, akupondani. Ndili ndi kamalo kosewetsa magemu kuno ku Kamwendo ndipo zoterezi zinandionekerapo. Ndinagula khadi yolembedwa GTX 1050 Ti, katoni yonyezimira, mtengo wotsika. Windows imaiwerenga kuti ndi 1050 Ti ndithu. Koma gemu iliyonse yofuna memory yambiri imangotseka yokha. Titamasula fani tinapeza kuti chip yake ndi ya GTS 450, khadi ya mu 2010, anangoisintha BIOS (pulogalamu yake yamkati) kuti izinamiza dzina. Kumbuyo inali ndi port ya VGA ya buluu ija, pomwe 1050 Ti yeniyeni imabwera ndi DVI, HDMI ndi DisplayPort. Komanso kumbukirani kuti ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu September 2022, makhadi omwe ankayaka usana ndi usiku anakhuthulidwira pa msika wa second hand. Ena mwa omwe akufika kunoku ndi omwewo. Bwererani kwa munthuyo nkhani isanazizire.

Chulu_Boy
Zoona zimenezo. Munthu wokana kubweza ndalama akudziwa chomwe wagulitsa.

NkhamenyaTech
A Kamwendo, zomwe mwanenazo zilipo, sindikutsutsa. Palinso RX 580 ya 2048SP yomwe anaipangira msika wa ku China mu 2018, mkati mwake ndi yofanana ndi RX 570 koma anthu amaigulitsa ngati 580 yathunthu ya ma shader 2304. Komabe khadi yotopa kapena yachinyengo nthawi zambiri imadzionetsa mwanjira zina: timizere ndi timadontho pa sikirini, gemu kutseka yokha, diraiva kukana kulowa. Mphwathuyu sanatchule chimodzi mwa zimenezi. Tisamuuze kuti ndalama za soya zapita tisanayeze kanthu ngakhale kamodzi.

A Santhe, yambani ndi zaulere. Pangani dawunilodi DDU (yochotsera madiraiva), GPU-Z ndi CPU-Z (zoonetsa za mkati mwa khadi ndi purosesa), komanso diraiva ya Adrenalin kuchokera pa webusaiti ya AMD yeniyeniyo, osati ya pa flash ya mnzanu. Mukamaliza zimitsani intaneti, chifukwa Windows ikangoona kuti palibe diraiva imathamangira kuika yake. Gwirani Shift uku mukudina Restart kuti mulowe mu Safe Mode. Mmenemo tsegulani DDU, chotsani za NVIDIA zonse, chotsaninso za AMD zomwe Windows inaika ija, kompyuta iyambirenso, ndiye muike Adrenalin. Mukatsegula gemu koyamba ikhoza kudodoma kwa mphindi zingapo chifukwa ikumanga shader cache yatsopano, zimenezo zisakuopseni.

Kenako muli mu gemu dinani Ctrl, Shift ndi O pamodzi. Pakona patuluka manambala: FPS, kutentha, ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe khadi ikugwira. Mutibweretsere manambala amenewo pa nthawi yomwe ikujamayo, osati pa menu. Ndipo mundiuze ngati munakwezera ma settings pa Ultra mutangoika khadi. Simungayerekeze Low ya kale ndi Ultra ya lero n'kumati khadi yafooka.

Santhe_Gamer
Ndamva achimwene. Ma settings ndinakwezadi, koma ndinabwezanso pa Medium ndipo kujama sikunathe. Diraivayo ndaona kuti ikuposa 500MB, ndidikira bandulo ya usiku.

Wimbe265
Dzukani cha m'ma 2 koloko usiku, netiweki imathamanga bwino nthawi imeneyo. Ndipo fayiloyo muisunge pa flash, mawa mudzaifunanso.

Mwami_Border
Pepani ndipatuke pang'ono. Chomwe chikutipititsa ku second hand tonsefe ndi mitengo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha kompyuta chinakwera, ndipo khadi yatsopano ya mu katoni ambirife sitingaifikire. Kuno ku Mchinji ena amawoloka kukafunsa ku Chipata, koma ukasintha ndalama n'kuwonjezera thiransipoti phindu lake silioneka, ndipo chinthu chikavuta ukabweza bwanji? Ine lamulo langa ndi limodzi. Sinditumiza ndalama khadi ndisanaione ikuyaka. Ndimanyamula flash ya GPU-Z ndi FurMark (pulogalamu yopanikiza khadi poiyesa), ndimamuuza wogulitsa aike mu kompyuta yake, iyake mphindi 15 ndikuyang'ana kutentha ndi mafani. Wokana zimenezo ndimamusiya ndi katundu wake.

Chulu_Boy
Nanga ife akutali? Kuchoka ku Chulu kufika pa boma, kenako makilomita oposa 120 kukafika ku Lilongwe, kungokayesa khadi?

Mwami_Border
Tumani m'bale wanu wa mu tauni akaione, kapena wogulitsa ajambule vidiyo khadi ikuyaka ndi kapepala kolemba tsiku ndi dzina lanu pambali. Thiransipoti ndi yotsika kuyerekeza ndi mtengo wa khadi.

Santhe_Gamer
Ndachita zonse monga munanenera a Nkhamenya. GPU-Z ikulemba kuti RX 6600, 8GB, palibe mawu oti FAKE paliponse. Pasintha pang'ono, menu ya FC 24 sikuchedwanso ngati kale. Koma kujama kukadalipo. Mu GTA V ndikathamangitsa galimoto, nyumba ndi mitengo zikumatulukira mochedwa, FPS n'kugwa. Nambala ya GPU ija sikukhazikika, pena 99, pena 45, pena 60, imangokwera n'kutsika.

Chinkhoma_FC
Amwene, mwaiwala kuti uno ndi October? Kasungu yense akuwotcha. Ngati kompyuta ili m'nyumba ya malata yopanda siling'i, masana mphepo yomwe fani ikukoka ndi yotentha kale. Onjezani fumbi. Yanga nditaitsegula mwezi watha, pakati pa fani ndi zitsulo za heatsink panali chimkeka cha fumbi chomwe chinachoka chathunthu nditachikoka ndi chala. Purosesa ikafika pa malire a kutentha imadzitsitsa liwiro yokha kuti isapse, ndiye FPS imagwa. Pitani nayo pa barbershop kapena pa saluni akupemerereni ndi blower ya mphepo yozizira, koma mafani muwagwire ndi chala asazungulire. Thermal paste (phala la pakati pa purosesa ndi heatsink) nayonso ngati sinasinthidwe chigulireni, sinthani.

Santhe_Gamer
Ndayang'ana zimenezo masana ano dzuwa lili paliwombo. Purosesa ikufika 74, khadi 66, pomwe palembedwa junction 80.

NkhamenyaTech
Ndiye kutentha tikuchotse. Malire a Ryzen 5 3600 ndi madigiri 95, ndipo junction (malo otentha kwambiri pa chip) ya makhadi a AMD amenewa imaloledwa mpaka 110. Muli kutali. Fumbi pukutani ndithu monga anenera a Chinkhoma, koma si limene likukuvutitsani.

Chomwe chandikoka ndi nambala yosakhazikikayo. Khadi yofooka imakhala pa 99 osasuntha, ikugwira ntchito mpaka pothera mphamvu zake. Yanuyi ikugwira n'kuima, kugwira n'kuima, kusonyeza kuti ikudikira chinachake chomwe chikufika mochedwa. Chochedwacho chili pakati pa RAM, purosesa ndi njira yomwe zinthu zimadutsa popita ku khadi.

Bambo_a_Tadala
Ana anga, ine ndinalowa gulu lino chifukwa cha printer ya ku ofesi, koma ndiloleni ndilankhule ngati kholo. Mvula ili pafupi. Thumba la feteleza mukudziwa mmene lakwerera. Mnyamata wagulitsa soya, m'malo mogula mbewu ndi feteleza wagula chida chosewerera mpira wa pa sikirini, lero sakugona tulo. Zikundimvetsa chisoni. Ndaona mabanja kuno akulowa mu February nkhokwe ili mbee chifukwa ndalama za zokolola zinathera pa zinthu zosadyedwa.

Santhe_Gamer
Ndamva bambo, ndipo nkhawa yanuyo ndi yoona. Feteleza ndi mbewu ndinagula kale mu July zisanakwerenso, zili m'nyumba. Izi ndi zomwe zinatsala.

MayiWaVidiyo
Bambo a Tadala, ndi ulemu wonse, khadi imeneyi si yosewerera yokha. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe pa boma pano, ndipo vidiyo yomwe kale imanditengera usiku wonse kuti ituluke, pano imatuluka ndisanamalize kuphika. Chikugwira ntchitoyo ndi graphics card. Fizi ya ana anga ikuchokera pamenepo. Ndipo anyamata omwe amandikonzera makina akavuta, onse anaphunzira chifukwa cha magemu omwewa. Munthu wosewera sapirira kompyuta yochedwa, amafufuza mpaka adziwe chavuta.

Bambo_a_Tadala
Ngati za kumunda zili m'nyumba, mtima wanga wakhala pansi. Pitirizani kumuthandiza.

Kamwendo_Games
Kwanga kuno ana a sukulu sindiwalola kulowa nthawi ya kalasi, ngakhale abwere ndi ndalama m'manja. Makolo akadandaula amakhala ndi chifukwa. Koma Loweruka kumadzaza, wina akufuna Arsenal wina Liverpool, mpaka ena kufunsa ngati muli Bullets ndi Manoma.

Chinkhoma_FC
Mu PES 2021 zimatheka, mumapanga nokha timu mu edit mode, mayina ndi yunifolomu yomwe. Ine ndinapanga ligi yonse.

Admin_KU
Abale, za matimu titsegulire nkhani ina. Tibwerere kwa a Santhe.

MayiWaVidiyo
Achimwene a ku Santhe, tsegulani chitseko cha pambali mujambule mkatimo mutiponyere. Takhala tikulankhula za makina omwe palibe wawaona.

Santhe_Gamer
Ndaponya zithunzi ziwiri achemwali, china chapafupi china chapatali.

MayiWaVidiyo
Nanga bwanji khadi ili pansi chonchi, mafani ake atatsala pang'ono kugunda power supply? Pamwamba pake ndikuona slot ina yaitali ili yopanda kanthu, pafupi ndi fani ya purosesa. Yanga ili pa yapamwambayo, ndipo amene anandimangira anandichenjeza kuti ndisadzaisunthire pansi.

NkhamenyaTech
Achemwali mwaligwira vutolo. A Santhe, tsegulani GPU-Z, pezani pomwe palembedwa Bus Interface, mutilembere zonse zomwe zili pamenepo.

Santhe_Gamer
Palembedwa PCIe x8 4.0 @ x4 1.1

Wimbe265
Dikirani kaye, nambala imeneyo imanamiza khadi ikangokhala. Imadzitsitsa yokha posunga magetsi. Pambali pake pali kachizindikiro ka funso, dinani pamenepo muyambitse render test, muwerengenso ikugwira ntchito.

Santhe_Gamer
Ndadina. Yasintha kukhala @ x4 2.0 ndipo yaima pomwepo.

NkhamenyaTech
Basi, ndi pamenepo. Ndifotokoze bwinobwino chifukwa ambiri zimawapita.

Ma slot awiriwo kutalika ndi kofanana, khadi imalowa ponse pawiri ndipo imayaka. Koma mawaya a mkati ndi osiyana. Yapamwamba imapita molunjika ku purosesa, ndipo pa B450 ndi PCIe 3.0 ya misewu 16. Yapansi pa ma bodi ambiri a B450 imadzera ku chipset (chip ya pa bodi yolumikiza zipangizo zina), ili ndi misewu 4 yokha, komanso ndi ya PCIe 2.0. Msewu umodzi wa 2.0 umanyamula 500MB pa sekondi, ndiye inayi ndi 2GB. Msewu umodzi wa 3.0 umanyamula pafupifupi 985MB. RX 6600 imagwiritsa misewu 8, ndiye pa slot yapamwamba ikanapeza pafupifupi 7.9GB pa sekondi. Panopa mukuipatsa gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuwonjezera apo, njira ya ku chipset ija imagawana ndi ma hard drive a SATA, netiweki ndi ma USB ena. Zili ngati lole yodzaza mabelo a fodya mwailowetsa m'kanjira ka njinga, injini ndi yabwino koma siingathamange.

N'chifukwa chake mu GTA V zimavuta mukathamangitsa galimoto. Mukamayenda wapansi, zomwe zili pafupi nanu zinalowa kale mu memory ya khadi. Mukathamanga, gemu imayenera kutumiza nyumba, misewu ndi magalimoto atsopano mosalekeza, ndipo zonse zikupanikizana pa kanjira kameneko. Khadi imamaliza zomwe yapatsidwa n'kuima kudikira, ndiyo 99 ndi 45 munaona ija.

Anaiikiranji pansi?

Santhe_Gamer
Pochotsa 1050 Ti kapulasitiki kotsekera kumapeto kwa slot yapamwamba kanathyoka. Mnzangayo anati slot imeneyo isagwiritsidwenso ntchito ingawotche khadi, ndipo yapansiyo ndi chimodzimodzi.

Chulu_Boy
Ine ndikugwirizana naye mnzakoyo. Chinthu chothyoka kuikamo khadi yodula chonchi? Bola FPS yochepa kusiyana ndi kupsetsa zonse.

NkhamenyaTech
A Chulu, kapulasitiki kaja mulibe magetsi, ntchito yake ndi kugwira khadi kuti isasolotoke basi. Chofunika kuyang'ana ndi mkati mwa slot. A Santhe, zimitsani, zulani chingwe cha kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Walitsani tochi ya foni mu slot yapamwambayo. Timapini tagolide tikhale tandondomeko mbali zonse ziwiri, pasakhale kopindika, ndipo kachidutswa ka pulasitiki kothyokako kasakhale katagwera mkati. Thupi la slot lisakhale long'aluka kapena lotukuka pa bodi. Zikakhala bwino, ikani khadi, kanikizani mofanana mbali zonse mpaka golide yense abisike, mangani zomangira zonse ziwiri kumbuyo. Chokhacho, popeza loko palibe, mukamanyamula kompyuta pa kabaza muziigoneka chagada bodi ili pansi, kapena muzichotsa khadi n'kuinyamula payokha.

Mphunzitsi_Mtunthama
Ndakhala ndikungowerenga, koma pa chithunzi chapafupicho pali chinanso. Ma RAM awiriwo agundizana, ali pa slot yoyamba ndi yachiwiri kuchokera pa purosesa. Pa bodi ya ma slot anayi, awiri oyandikanawo ndi a channel (njira yopita ku purosesa) imodzi. Ndiye muli ndi 16GB inde, koma ikuyenda pa single channel. Asunthireni pa yachiwiri ndi yachinayi, zomwe pa bodi zimalembedwa A2 ndi B2. Mukatero tsegulani CPU-Z pa Memory, pa Channel palembedwe Dual kapena 2 x 64-bit. Ku sukulu kwathu makompyuta ena tinawapeza ali chonchi, kungosuntha kokha kusiyana kunaoneka.

Santhe_Gamer
Akuluakulu!! Slot yapamwamba ndaiwalitsa, ili bwinobwino. Ndaika khadi, ndasunthanso RAM. GPU-Z tsopano ikuti @ x8 3.0, CPU-Z ikuti Dual. Ndasewera magemu atatu a FC 24 pa High, FPS yakakamira pa 75 osatsika ngakhale pa kona. Mu GTA V ndathamangitsa galimoto kuchoka m'tauni mpaka kumapiri, kujama kuja kulibe. Achemwali a vidiyo, a Nkhamenya, aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Wogulitsa uja ndinamulankhula mawu owawa, ndimuimbira madzulo ano.

Kamwendo_Games
Ndasangalala kuti khadi ndi yamoyo mphwanga. Komabe za kuyesa musanalipire zija zisatayidwe, achinyengo sanathe.

Wimbe265
Funso langa, bwanji ikulemba x8 pomwe slot ndi ya x16? Ndipo bwanji 3.0 pomwe khadi ndi ya 4.0? Sipakutayika mphamvu pamenepo?

NkhamenyaTech
x8 ndi mmene AMD inaipangira RX 6600 potuluka mu 2021, misewu ina 8 ija sinalumikizidwe n'komwe pa khadipo. 4.0 imafuna bodi ngati B550 kapena X570. Pa 1080p kusiyana kwake ndi kochepa, sikoyenera kugulira bodi ina. Yomwe imavutika kwambiri pa bodi za 3.0 ndi RX 6500 XT, chifukwa ili ndi misewu 4 yokha ndi memory ya 4GB. Amene muli ndi makina akale muziganiza kawiri musanaigule imeneyo.

Mphunzitsi_Mtunthama
A Santhe, pa CPU-Z pomwepo, DRAM Frequency ikuti bwanji? Nambalayo muichulukitse kawiri.

Santhe_Gamer
Ikuti 1066. Ndiye kuti 2133? Koma RAM yanga yakale pa sitika yalembedwa 3200. Yatsopanoyo yalembedwa 2666. Ndakumbukiranso kuti tsiku loika lija sikirini itachedwa kuyaka, mnzanga anachotsa kabatire kozungulira ka pa bodi n'kukabwezera.

Mphunzitsi_Mtunthama
Kabatire ka CR2032 kameneko kakachotsedwa BIOS imaiwala zonse, XMP (setting yokweza liwiro la RAM) n'kuzima, RAM n'kubwerera pa liwiro lake loyambira. Ma Ryzen amamva kwambiri liwiro la RAM chifukwa Infinity Fabric ya mkati mwa purosesa imayendera limodzi nalo. Lowani mu BIOS podina Delete ikamayaka. Setting imeneyi pa ASUS amalemba DOCP, pa MSI A-XMP, pa Gigabyte XMP. Koma popeza mwasakaniza ya 3200 ndi ya 2666, ine ndingaike pa 2666 ndi manja n'kusiya pomwepo.

Chulu_Boy
Ayi aphunzitsi, ayese 3200. Yanga ya 2666 ikuyenda pa 3000 chaka chonse chino popanda vuto. Muyatsenso Smart Access Memory (yolola purosesa kufikira memory yonse ya khadi nthawi imodzi), ndi FPS yaulere imeneyo.

Santhe_Gamer
3200 yakana, Windows yalowa koma gemu itangoyamba kwabwera blue screen. Ndaika 2666, ndayendetsa Windows Memory Diagnostic, palibe cholakwa. Smart Access Memory mu Adrenalin ikuoneka yotuwa, siikudinika.

NkhamenyaTech
Isiyeni pa 2666. Ma chip a RAM sali ofanana, ya a Chulu ikhoza kulola yanu n'kukana, ndipo RAM yosakhazikika imaononga mafayilo mwakachetechete.

Za Smart Access Memory ndikuchenjezeni. Imafuna Above 4G Decoding ndi Re-Size BAR ziyatsidwe mu BIOS, CSM (njira yakale yoyatsira kompyuta) izimitsidwe. Ngati Windows yanu inaikidwa pa disiki yogawidwa mwa njira yakale ya MBR, mukazimitsa CSM siyakanso mpaka mubwezere. Ndipo pa B450 yakale mwina pafunika BIOS yatsopano kuti zimenezi zioneke. Magetsi akathima pakati pa kuika BIOS, bodi ikhoza osadzukanso. Mmene akuthimirathimira masiku ano, popanda UPS (batire losunga magetsi) musayerekeze. Monitor yanu imathera pa 75 ndipo mwafika kale pa 75, ndiye palibe chomwe mungapindule.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Ndakulitsa chithunzi chanu chija. Chingwe cha 8-pin cholowa pa khadi sichikuchokera mu power supply, ndi adapter yolumikizidwa ku mapulagi awiri a mtundu wa Molex. Ndikunama?

Santhe_Gamer
Simukunama. Power supply ilibe chingwe cha khadi, adapter anandipatsa ndi wogulitsa uja.

NkhamenyaTech
1050 Ti imadya mawatsi 75 ndipo yambiri imangodyera pa slot. RX 6600 imafika 132, ndipo AMD imalangiza power supply ya 450W. Yanu yalembedwa 500W, koma power supply yomwe opanga ake sanaiikire n'komwe chingwe cha khadi sanaipangire ntchito imeneyi. Werengani sitika yake pa mzere wa +12V, chulukitsani ma amp ndi 12, mupeza mphamvu yeniyeni yomwe khadi ndi purosesa zikugawana. Dziwaninso kuti tsopano khadi yamasuka, ikudya kwambiri kuposa dzulo.

Chinkhoma_FC
Koma ngati ikuyenda bwino avutikiranji? Yanga ili pa adapter yomweyo.

MayiWaVidiyo
Yanga inayendanso bwino mpaka tsiku lomwe ndinamva fungo la pulasitiki ndili pakati pa vidiyo ya ukwati wa eni ake. Waya wachikasu wa adapter unali utasungunuka n'kumatirira pa pulagi. Khadi inapulumuka, hard drive imodzi inapita. A Chinkhoma, mukasewera ola limodzi zimitsani mukhudze adapter yanuyo mumve mmene ikutenthera.

Santhe_Gamer
Sitika ikuti +12V 22A. Ndiye ndi 264 basi?

NkhamenyaTech
Eya, 264, ndipo ndi ngati sitikayo ikunena zoona. Power supply yofooka kawirikawiri siitsitsa FPS, imangozimitsa kompyuta mwadzidzidzi kapena kupsa, nthawi zina n'kutenga zina.

Kamwendo_Games
Mphwanga, khadi yakale ija ngati ikadalipo ndigulitseni ine, ndikufuna ya makina achiwiri. Ndibwera ndekha pa Santhe Loweruka tidzaiyese limodzi, ndalama zake muwonjezere pa power supply. Mtengo tikambirane ku inbox.

Santhe_Gamer
Ilipo ndipo ili bwino, bwerani akulu. A Nkhamenya, pogula ndiyang'ane chiyani, ndipo pakadali pano ndisiye kusewera?

NkhamenyaTech
Funani ya 500W kapena 550W ya makampani odziwika monga Corsair, Seasonic, Cooler Master kapena be quiet!, yokhala ndi chingwe chakechake cha 6+2 pin cholembedwa PCI-E. Pa sitika, mzere wa +12V ukhale ndi ma amp 40 kapena kuposa. Inyamuleni m'manja, yopepuka kwambiri ikayikireni. Musasokoneze chingwe cha PCI-E ndi cha 4+4 cholembedwa CPU, zimaoneka zofanana koma mawaya ake ndi osiyana. Ikakhala ya second hand, wogulitsa aiyatse ndi khadi mu gemu inu muli pomwepo.

Pakadali pano lowani mu Adrenalin mutseke FPS pa 60 ndi Frame Rate Target Control, ma settings akhale pa Medium, kuti khadi isamakoke mphamvu zonse. Musaisiye ikuyaka inu mutachoka m'chipindamo, ndipo magetsi akathima zulani pulagi kukhoma, mubwezere akabwera n'kukhazikika.